Momwe mungapezere nthawi yophunzira kupanga mawebusaiti tsiku lililonse

Ambiri amene ndawaona akuyamba kuphunzira kupanga mawebusaiti kuno ku Zomba amagwera m'dzenje limodzimodzi. Sabata yoyamba amakhala pa kompyuta maola anayi kapena asanu, mpaka maso psuu. Sabata yachiwiri magetsi athima madzulo atatu otsatizana, bandulo yatha, kwa aneba kwagwa zovuta, Loweruka kuli chinkhoswe ku Chinamwali. Pofika sabata yachitatu munthu atsegula fayilo yake ija osakumbukanso pamene anasiyira, ndiye abwerera ku phunziro loyamba la HTML, chilankhulo cholembera zimene zili pa tsamba la webusaiti. Ndikudziwa anthu amene phunziro limeneli alibwereza kanayi, ndipo ndi anthu anzeru zawo.

Chimene chimawagwetsa ndi kudikira kuti nthawi ipezeke yokha. Kwa munthu wa pa ntchito, wa geni kapena wa sukulu, nthawi yotero kulibe. Muyenera kuipatula nokha, ikhale yaying'ono, ndipo muikonzekere usiku wake kuti magetsi kapena netiweki zisakulandeni. Malangizo awa ndi a munthu amene angakwanitse mphindi 45 pa tsiku, masiku 6 pa sabata. Zikuoneka zochepa, koma amenewo ndi maola anayi ndi theka pa sabata, ndipo m'masabata 50 afika maola 225.

## Zofunika kukhala nazo

- Laputopu, ngakhale yakale. Ya RAM ya 4GB imakwanira pa HTML, CSS (yokongoletsera tsamba) ndi JavaScript (yochititsa kuti tsamba lizichita zinthu, monga munthu akadina batani). Choyamba kuyang'ana ndi batire: lizisunga moto kwa ola limodzi kapena kuposerapo.
- Ngati laputopu mulibe, foni ya Android yokhala ndi Acode kapena Spck Editor, mapulogalamu olembera code (malangizo amene mumalembera kompyuta). Mukapeza kiyibodi yolumikiza ku foni, ntchito imapepuka kwambiri.
- Mapulogalamu atatu, onse aulere: VS Code yolembera code, Chrome kapena Firefox yoonera zimene mwalemba, ndi Git yosungira mbiri ya ntchito yanu.
- Kope lachikuto cholimba ndi cholembera. Kope limeneli musalembemo ngongole kapena za kumpingo, likhale la ntchito iyi yokha.
- Fulashi.
- Nyali ya sola kapena tochi.
- Mnzanu mmodzi amene nayenso akuphunzira.

## 1. Lembani tsiku lanu momwe lilili

Kwa masiku atatu musaphunzire kalikonse. Ingolembani m'kope zimene mukuchita ola lililonse, kuyambira podzuka mpaka pogona. Lembani zoona zokhazokha: nthawi imene mwaima pa siteji kudikira kuti minibasi idzaze, imene mwacheza pa golosale, imene mwathera pa WhatsApp ndi Facebook. Mafoni ambiri a Android ali ndi Digital Wellbeing mu Settings, yomwe imaonetsa mphindi zimene pulogalamu iliyonse yadya pa tsikulo. Tsegulani muone.

Chenjezo: musalembe tsiku limene mukulakalaka. Ngati mumagona 11 koloko chifukwa cha mpira kapena mafilimu, lembani 11 koloko.

## 2. Sankhani nthawi imodzi, muimangirire ku chinthu chimene mumachita kale

Apa ndi pamene nkhani yonse yagona, choncho ndikhalitsapo.

Mukanena kuti "ndiziphunzira madzulo", simunasankhe kanthu. Madzulo ndi nthawi ya aliyense. Alendo amabwera madzulo, ana amafuna thandizo la homuweki madzulo, kwaya ndi milaga ya mpingo imakumana madzulo, ndipo thupi limakhala litatopa. Nenani motere: "Ndikangotsuka mkamwa m'mawa, ndikhala pa tebulo." Kapena: "Ndikangotseka shopu, ndisanakwere kabaza, ndikhala mphindi 45 m'kati momwemo." Chinthu chimene mumachita kalecho ndicho chizikukumbutsani, osati kufuna kwa mtima, poti mtima umasinthasintha.

Ine ndimalimbikitsa m'mbandakucha, kuyambira 5 koloko mpaka 5:45. Pa nthawiyi palibe amene amakutumani, foni siilira, ndipo laputopu yachajidwa usiku wonse ngati magetsi analipo. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala n'zosavuta, kunja kumakhala kutayera kale. Mayeso enieni ndi Juni ndi Julayi, pamene mphepo yozizira imatsika m'phiri, chifunga chitakuta njira ya Ku Chawe, bulangete likukukanizani kudzuka. Ikani juzi ndi masokosi pa mpando usiku womwewo, ndipo alamu ikhale patali ndi bedi.

Si onse angathe m'mawa. Mayi amene 5 koloko amakhala akusonkha moto pa mbaula ndi kukonzekeretsa ana a sukulu asadzikakamize. Kwa iyeyo nthawi yabwino ingakhale ana atangonyamuka, kapena nsima ya masana itatha. Wophunzira wa ku Chanco angapatule mpata umodzi wa pakati pa makalasi, womwewomwewo tsiku lililonse. Wogwira ntchito usiku, monga mlonda kapena namwino, awerengere kuchokera pa nthawi imene amadzuka, kaya ndi 1 koloko masana.

Mukasankha, uzani a pakhomo. Ambiri amadumpha zimenezi, kenaka amakwiya akamatumidwa. Munthu wokhala phee pa kompyuta amaoneka ngati akungosewera, ndiye angalekerenji kumutuma kuchigayo? Mnyamata wina amene ndinkamuthandiza, wokhala ndi makolo ake ku Matawale, anawauza mayi ake kuti: "Amayi, m'mawa uliwonse ndizikhala ndikuphunzira mpaka kota tu sikisi. Madzi ndizitunga madzulo, pabwalo ndizisesa ndikamaliza." Mayi akewo anangoti, "Bola ntchito zanga zisagone." Analonjeza zimene akanatha kusunga, ndipo pakutha pa mwezi anali mayi akewo amene ankamugogodera pa chitseko akachedwa kudzuka.

Chenjezo: mukaganiza zodzuka msanga, muzigonanso msanga. Kudula tulo kumagwira sabata imodzi yokha, kenaka mumayamba kusinza pa kiyibodi.

## 3. Konzekerani usiku wake

Musanagone chitani zinthu zitatu. Chajani laputopu ndi foni. Tsegulani fayilo imene mugwire mawa, muisiye yotsegula pomwepo. Kenaka lembani m'kope chiganizo chimodzi chonena ntchito ya mawa.

Chiganizocho chikhale chogwirika. "Kuphunzira CSS" si ntchito, ndi phiri. Lembani kuti: "Ndiika zithunzi zitatu pa mzere umodzi pogwiritsa ntchito flexbox" (njira ya CSS yoyalira zinthu pa tsamba). Kapena: "Ndipanga batani loti ukalidina, mtengo wa katundu uoneke." Mukadzuka opanda chiganizo chimenechi, mphindi 20 zoyamba zimathera posakasaka choti muchite, ndipo kusakasakako kumakathera pa YouTube.

M'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, mukamva mabingu zulani chaja ku soketi. Magetsi akathima zulaninso, chifukwa nthawi zina pobwerera amabwera ndi mphamvu yoti n'kuotcha chaja.

## 4. Musalole kuti phunziro lanu lidalire intaneti

HTML, CSS ndi JavaScript zimayenda pa kompyuta yanu popanda intaneti. Mukalemba fayilo ya `index.html` n'kuidina kawiri, imatseguka mu Chrome ngakhale muli ku Jali kapena ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Intaneti imafunika potenga zophunzira ndi potumiza ntchito basi, ndipo zimenezi zingachitike kamodzi kapena kawiri pa sabata.

Tsiku limene muli ndi bandulo kapena Wi-Fi, tsegulani devdocs.io, musankhe HTML, CSS ndi JavaScript, kenaka mulowe pa Offline data n'kuzisunga. Zolembedwazo zimachokera ku MDN Web Docs ya Mozilla, komwe akatswiri enieni amakafufuza akaiwala kanthu, ndipo mukatero muziziwerenga ngakhale netiweki palibe. Tsamba lina lililonse limene lakuthandizani, dinani Ctrl ndi S kuti lisungike pa kompyuta.

Pa maphunziro otsata ndondomeko, freeCodeCamp ndi yaulere ndipo gawo lake la Responsive Web Design ndi poyambira pabwino. Imafuna intaneti, koma zambiri ndi zolemba, choncho siidya bandulo ngati mavidiyo. The Odin Project nayonso ndi yaulere, koma imafuna kuwerenga Chingerezi chambiri. Sankhani imodzi.

Chenjezo: mukalumikiza laputopu ya Windows ku hotspot ya foni, pitani ku Settings, Network & Internet, Wi-Fi, musankhe netiweki yanuyo, muyatse Metered connection. Mukapanda kutero, Windows imayamba kudzitengera ma update mwakachetechete, ndipo bandulo ya TNM kapena Airtel yomwe mumati ikufikitsani Lachisanu imatha musanamalize tiyi.

## 5. Gawani mphindi 45 zija

Foni ikhale m'chipinda china, kapena muzimitse data ngati mukuphunzirira pa foni pomwepo. Ndiye:

Mphindi 5 zoyamba, osayang'ana paliponse, lembani kuchokera m'mutu kachidutswa ka code ka dzulo. Muona nokha zimene zakhazikika ndi zimene zauluka.

Mphindi 10, werengani chinthu chimodzi chatsopano, chokhacho chimene chikufunika pa ntchito ya lero.

Mphindi 25, lembani code ndi zala zanu. Musakope n'kumata. Ngakhale chitsanzo chili pamaso panu, chitaipeni nokha, kenaka muchisinthe: chotsani mzere umodzi muone chimene chiwonongeke, sinthani `row` akhale `column` muone zithunzi zikutsika pansi. Kuwononga dala kumaphunzitsa msanga kuposa kuwerenga.

Mphindi 5 zomaliza n'zotsekera, zomwe ndifotokoza pa nambala 7.

Alamu ikalira, imani, ngakhale zikukoma. Kusiyira pakati pa chinthu chimene chikuyenda bwino kumakupatsani chilakolako chobwerera mawa.

Chenjezo: kuonera vidiyo si kuphunzira kulemba code. Ineyo ndinataya miyezi itatu ndikuonera mavidiyo usiku uliwonse, ndikumva ngati zonse zikulowa. Tsiku lina mlamu wanga anandipempha kuti ndimupangire tsamba limodzi la mitengo ya katundu wake. Ndinatsegula VS Code n'kukhala duu, osadziwa ngakhale mzere woyamba. Zinandipweteka, chifukwa ndalama za bandulo zinali zitapita zambiri. Ngati mukuonera vidiyo, muziimitsa mphindi ziwiri zilizonse n'kutaipa zimene mwaona.

## 6. Mangani chinthu chimodzi chenicheni

Zoyeserera za m'maphunziro zimatopetsa chifukwa palibe amene akuzidikira. Pofika sabata yachiwiri, sankhani munthu weniweni woti mumupangire tsamba: telala wa pa khonde, azakhali ogulitsa mpunga ndi matemba mu msika wa Zomba, gulu la achinyamata la kumpingo kapena kumzikiti, mwini malo ogona alendo okwera phiri. Musamulipiritse, ndipo mumuuziretu kuti mukuphunzira. Chimene mukupindula n'chakuti tsiku lililonse muli ndi chochita, ndipo pali munthu amene azikufunsani kuti, "Achimwene, za tsamba lija zili pati?"

Tsatirani dongosolo ili. Yambani ndi HTML yokha: dzina la bizinesi, zimene amagulitsa, mitengo mu `table`, zithunzi, malo amene amapezeka. Tsamba lioneka losakongola, zilibe kanthu. Kenaka CSS: mitundu, kukula kwa zilembo, mipata, flexbox, grid. JavaScript ibwere kumapeto, pa zinthu zing'onozing'ono monga kuwerengera mtengo wa makilogalamu asanu a mpunga munthu akalemba nambala. Zida zina zopangira mawebusaiti monga PHP, MySQL, WordPress kapena React zidikire kaye mpaka tsambali litatha.

Kumbukirani amene adzalitsegule. Makasitomala a azakhali anu adzaliona pa foni, pa netiweki yofooka, ndi bandulo yowerengera. Choncho m'kati mwa `head`, gawo la kumayambiriro kwa fayilo ya HTML, musaiwale mzere uwu:

`<meta name="viewport" content="width=device-width, initial-scale=1">`

Popanda mzerewu, zilembo zimaoneka ting'onoting'ono pa foni. Mu Chrome dinani F12, kenaka Ctrl, Shift ndi M pamodzi, muone momwe tsamba lionekere pa foni. Pa gawo la Network mungachepetse dala liwiro la intaneti kuti mumve zimene kasitomala wa ku Thondwe adzamve. Chithunzi chojambulidwa ndi foni chimatha kulemera mamegabaiti atatu kapena kuposa, ndiye chichepetseni musanachiike pa tsamba.

## 7. Tsekani tsiku ndi commit ndi mizere iwiri m'kope

Tsiku loyamba, tsegulani foda ya ntchito yanu mu VS Code, mulowe pa Terminal (polembera malamulo a kompyuta), mulembe `git init`. Kuyambira pamenepo, pomaliza penipeni tsiku lililonse lembani `git add .` kenaka `git commit -m "ndaika mitengo ya mpunga"`. Uthengawo ungakhale wa m'Chichewa, Git siisankha chilankhulo. Commit, komwe ndi kusunga mu Git zimene mwasintha, siifuna intaneti. Chofuna intaneti ndi `git push`, yotumiza ntchito ku GitHub, webusaiti yosungirako code, ndipo mungaichite tsiku la bandulo.

M'kope lembani deti, chimene mwaphunzira, ndi chimene chakukanikani. Chokanikacho ndicho kawirikawiri chimasanduka chiganizo cha mawa cha pa nambala 3.

Chenjezo: ntchito isakhale pamalo amodzi. Laputopu zakale zimafa osatsanzika, ndipo zina zimabedwa. Lamlungu lililonse koperani foda yonse mu fulashi, muisunge kwina, osati m'chikwama momwe muli laputopu.

## 8. Konzerani tsiku loipa lisanafike

Lidzafika ndithu. Mudzagona kumaliro, mwana adzatentha thupi usiku, magetsi adzathima kuyambira madzulo mpaka m'mawa batire lili pa 4 peresenti. Amene anali kuno mu 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, akukumbukira momwe tinkakhalira maola ambirimbiri mu mdima kwa miyezi.

Pa tsiku lotero lamulo ndi mphindi 10. Tengani kope, mulembe pa pepala HTML ya fomu yofunsa dzina ndi nambala ya foni, kapena jambulani mabokosi a tsamba n'kulemba CSS yake m'mbali. Mawa mukaitaipe muone pamene munalakwitsa. Muli mu minibasi ya ku Blantyre, werengani pa foni tsamba limodzi limene munasunga. Mphindi 10 sizikuphunzitsani zambiri, ntchito yake n'kusunga chizolowezi kuti chisazime, monga khala limene amalikwirira ndi phulusa kuti m'mawa asavutike kusonkha moto.

Mukaphonya tsiku lonse, musadzilipiritse ndi maola atatu mawa lake. Bwererani pa mphindi 45 zomwe zija. Chokhacho choyenera kulimbana nacho ndi kuphonya masiku awiri otsatizana.

## 9. Kamodzi pa sabata, onetsani munthu

Mutu umodzi susenza denga. Panganani ndi mnzanu uja kuti muzikumana Loweruka kwa ola limodzi, kaya pakhomo, kaya pa benchi ku Botanic. Aliyense aonetse zimene wapanga ndipo afotokoze code yake mzere ndi mzere. Pamene mwakakamira pofotokoza, pamenepo ndi pamene simunamvetse. Ngati kukumana n'kovuta, tumiziranani chithunzi cha sikirini pa WhatsApp tsiku lililonse mukamaliza.

Tsamba likayamba kuoneka, liikeni pa intaneti kudzera pa GitHub Pages, yomwe ndi yaulere: mu repository yanu (foda ya ntchito yanu pa GitHub) pitani ku Settings, kenaka Pages. Mupatsidwa adiresi yoti mungatumizire mwini bizinesi uja kuti atsegule pa foni yake.

## Zolakwika zimene ambiri amachita

Kudumphadumpha. Lero JavaScript, mawa mwamva kuti Python ndiye ili ndi ndalama, mkuja wina wati Flutter. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zimene mwamvazo lembani kumapeto kwa kope, mudzazione tsamba loyamba likatha.

Kudikira zipangizo zabwino. Ena amati adzayamba akagula laputopu yatsopano kapena akaika Wi-Fi pakhomo. HTML ya mwezi woyamba imatheka pa foni imene muli nayo m'thumbamo.

Kulola kuti ChatGPT ikulembereni zonse. Imathandiza mukaifunsa kuti ifotokoze chifukwa chimene code yanu yakanira. Koma mukangomata zimene yalemba, tsamba liyenda, inu m'mutu mulibe kanthu, ndipo kasitomala akadzapempha kusintha pang'ono mudzasowa pogwira. Yesani nokha mphindi 20 musanafunse.

Kusawerenga uthenga wofiira. JavaScript ikakana, dinani F12 mupite pa Console. Uthengawo umatchula fayilo ndi nambala ya mzere umene pali vuto. Ambiri amafufuta zonse n'kuyambiranso pamene chosowa chinali kabulaketi kamodzi.

Kukakamira chinthu chimodzi sabata yathunthu. Safunsa anadya phula. Masiku awiri akakwana, funsani mnzanu uja, ndipo pofunsa tumizani code yeniyeniyo ndi uthenga wa pa Console, osangoti "sizikutheka".

Mayina a mafayilo. Vuto ili lathetsa anthu ambiri mphindi 45 zawo. Windows imabisa mathero a mayina, ndiye fayilo imene mwasunga ndi Notepad ingakhale `index.html.txt` inu mukuona `index.html`. Mu File Explorer, pa View, yatsani File name extensions. Chinanso, pa kompyuta yanu `Mpunga.JPG` ndi `mpunga.jpg` zimatengedwa ngati chinthu chimodzi, koma pa GitHub Pages ndi mafayilo awiri osiyana, n'chifukwa chake chithunzi chimaoneka bwinobwino kunyumba koma pa foni ya azakhali pangokhala kabokosi kopanda kanthu. Mayina onse muzilemba ndi zilembo zing'onozing'ono, opanda mipata, ndipo pofuna kulekanitsa mawu ikani kamzere, monga `mpunga-wa-kilombero.jpg`.